Nota ya Kulapa

Belarmino anatsazika ntchito monga amatsazikira munthu woleredwa bwino. Sanathawe, sanatumize uthenga pa foni. Anasamba, navala malaya ake a ku tchalitchi, nanyamula kampango wowamba wamkulu ngati ntchafu ya munthu, m'thumba muli kalata imene anamulembera mphunzitsi m'Chipwitikizi. Kenaka anakwera kamtunda kopita ku ofesi ya kampani ya nsomba ku Metangula. Pa kampani imeneyi anali atagwira zaka zambiri, kuyendetsa boti lonyamula jelo, madzi oundana aja, kupita nawo m'madoko a kumpoto mpaka ku Kobwe, pobwerera n'kudzaza chambo ndi kampango.

Ntchitoyo inali itamudya. Kwawo kunali ku Kobwe komweko, koma pakhomo pake ankangodutsapo ngati wogula nsomba. Jelo sadikira munthu kuti akacheze ndi mkazi wake. Mwana wake Naila anamera mano, anayamba kuyenda, anayamba sukulu, zonsezo iye akuzimva kwa anthu a padoko. Mwanayo ankamutchula kuti atate a jelo.

Ndiye Kheri, mnzake wa paubwana, wamalonda wachisilamu wa pa Kobwe, anakhoma boti latsopano loti lizinyamula anthu ndi katundu pakati pa Kobwe ndi Likoma.

"Mbale wanga, ulendo wake ndi wa m'mawa, masana wabwera, ugona pa mphasa yako," anatero Kheri. "Chiwongolero n'chako. Koma ubwere ndi sedula yako. Penti ikauma iwe ulibe sedula, ndimpatsa Salimo, mwana wa mlongo wanga, ngakhale amayendetsa ngati akuthamangitsa mbuzi."

Sedula ndi kabuku kosonyeza kuti munthu ndi woyenera kuyendetsa boti la injini. Wopanda kabukuko, oyang'anira panyanja akamupeza amazula injini. Ka Belarmino kanali m'dirowa la ku ofesi chiyambire ntchito. Iye ankayenda ndi fotokope ya chidindo cha kampani, yogwira ntchito pa boti la kampani lokha.

Mkulu wa ofesiyo anali Dona Yara, mayi wochokera kutali kumwera, wosamva Chinyanja ngakhale moni. Pambali pake pankakhala kalaliki wake Gregório, mwana wa ku Maniamba, amene ankamasulira. Dona anawerenga kalatayo, napukusa mutu.

"Nau, nau, nau!"

"Akuti sakulola," anatero Gregório. "Akuti nsomba zachuluka, woyendetsa wina palibe. Tengani kalata yanu."

Kalata anabweza. Koma kampango uja Dona anamulandira ndi manja awiri, namununkhiza, naseka, nati apite naye kunyumba kwake.

Belarmino anatsika kamtunda kaja mtima uli mbee. Musamuseke msanga. Kunyanja kuno mlendo akatsazika, mwininyumba wamakhalidwe sanena kuti pitani. Amati, "Aa, mwafulumira bwanji? Iyayi, khalani, sitikulolani." Mlendo amaseka, mwininyumba amaseka, uku akumuperekeza kale. Kukana kwa pakamwa ndi ulemu chabe, yankho lenileni limaoneka m'manja, ndipo manja a Dona anali atalandira. Komanso anakana katatu konse, ulemu woperekedwa kwa munthu wofunika. Za sedula sanade nkhawa, poti ofesi sichita zinthu ziwiri tsiku limodzi. Anamanga boti bwinobwino, napereka makiyi kwa mlonda, nakwera bwato la amalonda kupita kwawo.

Masiku amene anatsatira anali okoma ngati nzimbe. Anakonza mpanda umene unagwa kalekale. Anadziwa kuti tambala wa pakhomo pake amalira mosasa mawu. Naila anayamba n'kubisala kuseri kwa nkhokwe, kenaka n'kuyandikira, kenaka tsiku lina n'kungokhala pamwendo pake osapempha.

Kenaka boti la kampani linatulukira, likuyenda mokhotakhota m'manja mwa munthu waganyu, n'kudzagunda mchenga mpaka mabokosi kugubuduka. Munatsika Gregório, nkhope itatuwa, atasanza njira yonse, nsapato zili m'manja, envulopu ili kukhwapa.

"Achimwene a Bela, mwandipha," anatero atakhala pansi. "Ine munthu wa kumtunda, chinangwa sichigwedezeka chonchi. Sainani apa kuti mwalandira."

"Ndi sedula?"

"Sedula yanji? Iyi ndi nota de kulupa, kalata ya mlandu. Akuti munathawa ntchito, jelo anasungunuka, nsomba zinaola m'madoko atatu."

"Kuthawa? Ndinatsazika inu muli pomwepo!"

"Ndipo ine ndili pomwepo anakana."

"Nanga nsomba ija?"

"Inali yokoma, nanenso anandigawirako mutu. Koma nsomba si siginecha, achimwene. Muyankhe polemba, masabata awiri asanathe. Mlandu uli pakati, dirowa silitseguka. Ndipo akakuchotsani ndi mlandu, mawu amenewo amakutsatani. Ndani angakweze ana ake m'boti la munthu amene pepala likuti amataya boti?"

Belarmino anaima pa mchenga ndi pepalalo mpaka boti linazimiririka. Chipwitikizi ankachidziwa, koma cha padoko: cha mafuta, cha makilo, cha kutukwanirana ndi onyamula mabokosi. Cha papepala ichi chinali ndi mawu aatali ngati khoka, munthu ukafika kumapeto, koyambira waiwala. Anapita nalo kwa amalume ake a Timoteo, amene anali katekisiti wa Anglikani mpaka miyendo inakana.

A Timoteo anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi wa ukonde, nayendetsa chala pa mutu wa pepalalo.

"Kodi mnyamata wa ku Maniamba uja anati chiyani? Nenanso."

"Nota de kulupa."

"Kulupa." A Timoteo anawalawa mawuwo ngati mchere. "Kulupa. Mphwanga, mawu amenewa ndi athu. Lilime la Mpwitikizi n'lolemera, likatola mawu a eni limawapinda. Suona Mtengula anamusandutsa Metangula? Kulupa uku ndi kulapa. Iyi ndi nota ya kulapa. Mayiyu sakukuzenga mlandu, akukutsegulira khomo."

Belarmino anakumbukira ku sukulu, mwana akaswa botolo la inki, mphunzitsi ankakuwa mawu omwewo atanyamula ndodo. Zinkagwirizana ndithu.

"Tsono ndikufunse," anapitiriza a Timoteo. "Munthu akalapa, wansembe amamutani?"

"Amamumasula."

"Iwe ukufuna chiyani?"

"Kumasulidwa, amalume."

"Nanga ukunjenjemera chiyani?"

Celina, mkazi wa Belarmino, anazimva ali pa thandala akuyanika usipa. Sanasiye ntchito, anangoyankhula nkhope ili ku nsombazo.

"Mulape chiyani, bambo a Naila? Munaba? Munamiza munthu? Munatsazika, nsomba yanu anadya, mafupa anataya. Lembani mawu ochepa: ndinapita, sindibweranso, ndipatseni kabuku kanga. Akapsa mtima akuchotseni. Si zimene mukufunazo?"

"Mpongozi," anatero a Timoteo, amene anali atatsatira Belarmino ndi ndodo yawo, "kuchotsedwa ndi kumasulidwa n'zosiyana. Mwana wa mlongo wanga sangatuluke pa ntchito ngati galu wolowa m'khitchini."

"Bola atuluke, amalume. Potulukira ine ndilibe nazo kanthu, ngakhale pa windo."

Belarmino anapita kwa Kheri, namupeza akupaka penti yobiriwira m'mbali mwa boti.

"Inu Akhristu mumandisangalatsa," anatero Kheri. "Munthu akakupondani phazi, mumapepesa ndinu, kuti pepani phazi langa linali pansi pa lanu. Ine mapepala a Dona sindiwerenga, mbale wanga. Lapa, tukwana, imba nyimbo, zili kwa iwe. Ine ndikufuna sedula. Penti iyi ndi yomaliza."

Masiku anayamba kutha. Belarmino akakhala pakhonde, amaona ngati mudzi wonse wachepa. Kumanzere boti la Kheri likuuma, kumanja njira ya ku Metangula, pakati iyeyo ndi pepala lopindidwa m'thumba, limene limamuotcha ngati khala. Anayesa mawu a Celina ali yekha kuseri kwa nyumba. "Ndinapita, sindibweranso." Kwa mtengo wa papaya amatuluka bwino. Koma akangoika nkhope ya Dona pa mtengowo, mawu amabwerera kummero. Chibadwire anali asanauzepo wamkulu aliyense kuti ayi. Atate ake sanachitepo, agogo ake amene ankapalasa bwato la amishoni sanachitepo. Ndipo mawu a Gregório ankamuluma: ndani angakweze ana ake? Njira ya amalume inali ndi ubwino umodzi, inkalonjeza zonse ziwiri, dzina loyera ndi sedula.

Yankholo anakalemba m'kachipinda kovalira ansembe, kuseri kwa tchalitchi, dzuwa lili pamutu, malata akuthetheka. Analipo atatu: a Timoteo onena mawu, a Luis mphunzitsi wowatembenuza m'Chipwitikizi, ndi Belarmino mwini mlandu, amene ntchito yake inali kugwedeza mutu.

A Timoteo anali asanalalikire kwa zaka, ndipo mawu anali atawunjikana m'chifuwa mwawo. Anatseka maso.

"Lembani, aphunzitsi. Ine Belarmino, wosayenera kuponda pakhomo panu, ndinasiya boti lanu lili lokha ngati mwana wamasiye. Ndinadya mchere wanu n'kuiwala dzanja lopereka. Nsomba zimene zinaola, zinaolera pamutu panga."

"Amalume, boti ndinalimanga bwino," anatero Belarmino. "Makiyi ndinapereka."

"Wolapa sanena zabwino zake. Pitirizani, aphunzitsi. Tsopano ndili m'manja mwanu, chitani nane monga kukukomerani. Chinthu chimodzi chokha ndikupempha ndi misozi: mundimasule."

Cholembera cha a Luis chinaima.

"Pepani, atate. Kumasula kumeneku, m'Chipwitikizi kuli pawiri. Kulipo kwa chingwe, monga kumasula boti kapena mbuzi kuti ipite. Kulipo kwa m'tchalitchi, kwa machimo. Ndilembe kuti?"

Belarmino anamva yankho likukwera kuchokera m'mimba. Kwa chingwe. Kwa chingwe, aphunzitsi. Anatsegula pakamwa, koma amalume anali atamenya kale ndodo pansi.

"Mbuzi? Mwana wa mlongo wanga ndi mbuzi? Kwa m'tchalitchi, aphunzitsi! Tili kuti kuno?"

A Luis anayang'ana Belarmino. Belarmino anayang'ana amalume ake, nkhalamba imene inamunyamula pa ubatizo, thukuta likutsika m'makwinya, nkhope ikuwala ndi chimwemwe. Anaganiza kuti mwina n'chimodzimodzi, womasulidwa ndi womasulidwa basi. Anaweramitsa mutu, cholembera chinayenda.

Atasaina, a Timoteo anatenga buku la mapemphero, nagwira dzanja lake, naliika pamwamba.

"Kulapa kwa papepala pokha n'kunamiza Mulungu. Nena kuti mawu onsewa ndi ako."

"Ndi anga."

Celina sanafunse zimene analemba. Anangoona mwamuna wake akumata envulopu, natuluka kukatunga madzi, ngakhale mitsuko inali yodzaza.

Uthenga unabwera pa foni kuti akaonekere ku ofesi. Anavalanso malaya a ku tchalitchi, nauza Kheri kuti amudikire pang'ono, akubwera nako kabuku. Atafika ku Metangula anadabwa kuona kuti sakumulowetsa m'ofesi. Antchito onse anali atasonkhana pabwalo, pafupi ndi makina opangira jelo: amayi opala nsomba ndi mipeni yawo, onyamula mabokosi, mlonda, woyendetsa lole. Pakati anaikapo tebulo. Gregório anamuthamangira, namugwira pamkono, namukokera pambali.

"Achimwene, muli ndi mwayi wa mfiti. Mukudziwa? Kalata yokuchotsani inali italembedwa kale. Ine ndemwe ndinaitayipa. Anati munthu wosafuna ntchito apite, ndatopa naye. Sedula yanu anali ataitulutsa m'dirowa, ataiika pamwamba pa kalatayo, kungodikira yankho lanu kuti mwambo ukwanire."

Belarmino anamuyandikira.

"Ndiye?"

"Ndiye yankho lanu linafika. Anawerenga kamodzi, anavula magalasi. Anawerenga kachiwiri, ndinaona misozi, ine ndi maso angawa. Akuti chiyambire ntchito sanalandirepo yankho lotere. Ena amabwera ndi maloya, ena ndi matukutuku. Anakulemberani ndani? Mwapulumuka, achimwene!"

Dona Yara anatuluka atanyamula mapepala awiri. Loyamba analiwerenga mokweza, Gregório akubwezera m'Chinyanja, ndipo mawu a a Timoteo anabwerera kwawo atanenepa ndi ulendo. Pa mwana wamasiye paja, mayi wina wopala nsomba anati, "Mayo ine!" Pa mchere paja, mlonda anavula chipewa. Belarmino anaima pakati pa bwalo manja ali kumbuyo, akumva machimo ake akuyalidwa pa dzuwa.

Kenaka Dona anakweza pepala lachiwiri, kalata yomuchotsa ija, kuti onse alione. Analing'amba pakati, naling'ambanso, zidutswa n'kugwera m'madzi a jelo oyenderera pa simenti. Nthungululu zinalira. Anthu anaomba m'manja. Dona anabwera, nagwira Belarmino m'mapewa, nayankhula nthawi yaitali, mawu ofewa, a munthu amene mtima wake wakhudzidwadi.

"Akuti mlandu watha," anatero Gregório. "Akuti munthu aliyense amalakwa, koma wodzichepetsa chonchi ndi wosowa, sangamutaye. Akuti mwapempha chikhululukiro, ndipo akupatsani chonse, sadula ngakhale tsiku limodzi."

"Ndamasulidwa?"

"Kotheratu!"

"Nanga sedula?"

"Yabwerera m'malo mwake, musade nkhawa, ili bwino. Landirani."

Anamuveka jekete yatsopano yoyandamitsa munthu, yofiira ngati moto, dzina la kampani lili kumsana. M'dzanja anamuikira makiyi.

Nthawi yonena inali imeneyo, ndipo Belarmino ankadziwa. Mawu anali pafupi, ochepa, a Celina aja. Anayang'ana Dona, maso ake akadali onyowa. Anayang'ana amayi opala nsomba amene ankamuimbira, ndi mlonda chipewa chili pamtima. Akanena tsopano, ndiye kuti misozi yonseyi anaiba. Ndiye kuti dzanja lija analiika pa buku akunama, iye amene analumbira kuti Dona achite naye monga kuwakomera. Ndipo ichi ndicho chinawakomera. Akanamutukwana, akanamumenya, mwina akanapeza polowera. Koma munthu amene wakukhululukira pamaso pa anthu umamuyankha chiyani?

"Obirigado, Dona," anathokoza. Anthu anaombanso m'manja.

M'mawa mwake anadzaza jelo. Mwera unali kumbuyo, boti linathamanga, ndipo anafika pa Kobwe masana. Anthu a padoko anaona jekete yofiira ili patali. Kheri anali m'boti lake lobiriwira, limene tsopano linali pamadzi, matumba a ufa ndi njinga zitakwezedwa kale. Boti la kampani litayandikira, anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, kudikira sedula. Belarmino anapukusa mutu. Kheri anayang'ana jeketeyo, sanaseke, sananene nthabwala. Anatembenukira kumtunda.

"Salimo! Bwera kuno. Ndipo uyende pang'onopang'ono, muli anthu umu."

Celina anali ataima pafupi ndi mabokosi, mpango uli m'chiuno.

"Akumasulani?"

Belarmino anazimitsa injini kuti asakuwe.

"Andikhululukira."

Milomo ya Celina inagwedezeka, kaya kufuna kuseka kaya kulira, iye mwini sanadziwe. Asananene kanthu, a Timoteo anatulukira, ndodo ikuboola mchenga, akupuma movutikira, poti wina anali atawauza kale za misozi ya Dona ndi kalata yong'ambidwa.

"Aleluya! Ndinanena ine! Mpongozi, mwaona? Mtima wa mwala wasungunuka. Mphwanga, nkhani imeneyi anthu aimve. Ndapempha kale kwa abambo wansembe, Lamulungu lino uimirire kutsogolo, uchitire umboni ndi pakamwa pako."

Onyamula mabokosi anali atayamba kukuwa kuti atsegule chivindikiro, madoko ena akudikira.

"Lamulungu ndikhala ndili pa ntchito, amalume," anatero Belarmino, nawerama kukoka bokosi loyamba.